Mzati wa Telesikopu Kuseri kwa Nyumba za ku Spinney Hill

Munthu akafuna kuyamba kuonera nyenyezi, ndalama zake ndi maganizo ake onse amathera pa telesikopu. Amafunsa kukula kwa galasi lake, amafunsa kuti imakuza zinthu kangati, koma za chimene telesikopuyo idzaimepo safunsa n'komwe. Pakapita miyezi ingapo chipangizo chodula chija chimakhala chili pakona m'chipinda chikutuwa ndi fumbi, mwini wake atagwa ulesi, osazindikira kuti chamugwetsa ulesi ndi miyendo itatu yogwedera imene chaimapo, osati galasi. Mfundo yanga ndi yakuti kwa banja lokhala ku Spinney Hill mumzinda wa Leicester, kapena m'dera lililonse la nyumba zogundana ngati limeneli, chinthu choyenera kuchiganizira mofatsa ndi mzati wokhazikika pansi, wopanga okha, umene ungathe kukwera ndi kutsika. Anthu ambiri odziwa bwino ntchitoyi sagwirizana nazo. Iwo amati mzati wabwino ndi umene ulibe pena paliponse posuntha. Mawu awo ali ndi nzeru ndipo sindiwapeputsa, koma ndikuona kuti amayeza mzati ndi muyeso umodzi wokha, wa kulimba, n'kuiwala kufunsa kuti kodi ndani m'nyumbamo adzathe kufikira diso lake pa telesikopuyo.

Chifukwa chimene choimirapo chimafunika chotere n'chosavuta kumva. Telesikopu ikamakuza chinthu ka 200, imakuzanso ka 200 kunjenjemera kulikonse kwa chimene yaimapo. Kamphepo kakang'ono, chala chokhudza pang'ono, ngakhale phazi la munthu woponda pafupi, zimachititsa kuti Saturn azivina m'diso mpaka mphete zake osaoneka. Komanso dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo pa kukuza kotereku pulaneti imadutsa n'kutuluka m'malo amene diso likuona m'mphindi imodzi yokha. N'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito mutu wa telesikopu umene umazungulira pang'onopang'ono motsatira thambo. Kuti mutuwo utsatire molondola, msana wake uyenera kuloza pafupi ndi nyenyezi ya Polaris, imene ku Leicester imakhala kumpoto pa madigiri pafupifupi 52 ndi theka kuchokera pansi. Woimika telesikopu pa miyendo itatu amayamba ntchito yonseyi pachiyambi usiku uliwonse: kunyamula, kuwongola ndi levulo, kulozetsa ku Polaris, manja akuuma ndi chisanu. Ku England thambo loyera silidikira munthu, ndipo nthawi zambiri akamamaliza kukonza mitambo imakhala itabwera kale. Mzati wothiridwa konkire umachotsa ntchito yonseyi. Wakonza kamodzi wathana nazo, ndipo mitambo ikang'ambika kwa theka la ola, theka la olalo limakhala loonera nyenyezi.

Mpaka apa odziwa ntchito tikugwirizana nawo. Tikusiyana pa malo enieniwo. Nyumba zambiri za ku Spinney Hill, zozungulira paki imene inatsegulidwa mu 1886, ndi za njerwa zofiira, zomangidwa mogundana m'mizere cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kuseri kwake kuli timabwalo topapatiza totchingidwa ndi makhoma ndi mipanda. Thambo la kunonso si la kwathu. Ku Lilongwe, komwe kuli pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, mwezi ndi mapulaneti zikafika pachimake zimakhala m'mwamba kwambiri, nthawi zina paliwombo penipeni. Ku Leicester njira imene dzuwa ndi mapulaneti zimadutsa ili kummwera, ndipo pokwera kwambiri imafika pa madigiri 61, potsika imagwera pa madigiri 14 okha. Pali zaka zimene Saturn amangokwawa pamwamba pa mipanda, monga zinachitikira kuyambira 2017 mpaka 2020. Tsono tiyeni tiwerengere. Mpanda wotalika masentimita 180 uli pa mtunda wa mamita 3, ndipo telesikopu ili pa mita imodzi kuchokera pansi: mpandawo ukubisa thambo lonse la pansi pa madigiri 15. Kukweza telesikopu ndi theka la mita kumatsitsa malirewo kufika pa madigiri osakwana 6. Kusiyana kumeneku ndiko kumanena ngati pulaneti ioneka chaka chimenecho kapena ayi. Tisanamizane, komabe: nyumba ya nsanjika imene ili pa mamita 15 singagonjetsedwe ndi theka la mita, chifukwa phindu lake silifika ndi madigiri awiri omwe. Mzati wokwera umathandiza pa zotchinga zapafupi zokha, ndipo m'timabwalo ta ku Spinney Hill zotchinga zapafupi ndizo zochuluka.

Wina anganene kuti ngati vuto ndi mpanda, ingomangani mzati wautali n'kuusiya choncho. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa telesikopu ilibe msinkhu umodzi. Mtundu umene uli ndi kalilole kumunsi umaika kagalasi koonerapo kumtunda kwa paipi, kotero ukaloza paliwombo diso liyenera kukwera. Mtundu wa galasi kutsogolo umachita zosiyana: ukaloza m'mwamba koonerapo kumatsikira m'maondo, munthu n'kumagwada pa simenti yozizira khosi litapindika. Anthunso alibe msinkhu umodzi. Mabanja ambiri a m'derali amakhala agogo, makolo ndi adzukulu pakhomo limodzi, ndipo ena mwa iwo ndi Amwenye amene anachoka ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu Banda litawaletsa kuchita malonda kumidzi, moti Chichewa chimamveka m'misewu ya Leicester mpaka lero. Mzati womangidwa pa msinkhu wa bambo wa pakhomopo umasankha mwakachetechete amene adzaonere ndi amene adzangomva nkhani. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ayenera kukwera pa mpando mumdima, pansi pali poterera ndi chisanu, ndipo akayamba kugwa chimene amagwira ndi telesikopuyo. Agogo a msana wowawa amayesa kamodzi n'kubwerera m'nyumba. Woyenda pa njinga ya olumala safika n'komwe. Ine ndimaona kuti ichi ndi cholakwa chachikulu kuposa kunjenjemera kwa masekondi awiri, chifukwa telesikopu ya pakhomo imene amaonera munthu mmodzi yataya mbali yaikulu ya ntchito yake. Mwana amene waona mphete za Saturn ndi diso lake, atakhazikika bwino osaopa kugwa, amakhala nthawi yaitali pagalasi, ndipo zinthu zing'onozing'ono za pa pulaneti zimaoneka kwa munthu wodekha yekha.

Tsopano mfundo ya otsutsa iyenera kumveka ndi mphamvu zake zonse. Mzati woima pansi wopanda chougwira kumtunda umapindika molingana ndi kutalika kwake mochulukitsa katatu: ukautalikitsa kawiri, mphepo yomweyo imaupinda kasanu ndi katatu. Kuwonjezera apo, paipi yolowa m'paipi inzake imasiya mpata pakati, apo ayi singatsetsereke, ndipo mpata umenewo ndiwo gwedegwede amene tikuthawa. Zonsezi ndi zoona. Koma lamulo lomwelo lili ndi mbali ina yotithandiza. Paipi ikakula m'mimba mwake kawiri, chitsulo chake chili chokhuthala chimodzimodzi, imalimba pafupifupi kasanu ndi katatu. Ndiye kuti kulimba kumene tataya pokweza tingakubweze posankha paipi yonenepa, ya masentimita 15 kapena 20 m'mimba mwake, m'malo mwa kapaipi kowonda kolemera chimodzimodzi. Chinanso n'chakuti sitikufuna kukwera mamita awiri. Masentimita 30 mpaka 50 ndi okwanira kusiyanitsa mwana ndi wamkulu, kapena kudumpha mpanda, ndipo mbali yaikulu ya paipi yamkati imatsalabe m'kati mwa inzake ngakhale mzati utakwera mpaka mapeto. Mpata wa pakati uja umatha ndi mabawuti opanikiza, oikidwa m'mizere iwiri, wina kumtunda wina kumunsi, amene akamangidwa mapaipi awiriwo amagwirana nji. Cholakwa chimene chimaipitsa mbiri ya mizati yotere ndi kusiya katundu yense pa chokwezera. Jeke ya galimoto yoikidwa m'kati, kapena chitsulo cha mazinga chopukusa ndi dzanja, kapena makina a magetsi onga okweza mabedi a m'chipatala, ntchito yake ndi kunyamula basi. Kugwira ndi ntchito ya mabawuti, ndipo pamafunikanso chitsulo chopingasa cholowa m'bowo kuti jeke ikalephera mzati usagwere pa zala za mwana.

Zotsalazo ndi ntchito imene mmisiri aliyense wa ku Ndirande kapena ku Mchesi angaimve msanga. Maziko ndiwo oyamba. Dzenje la masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komweko limadya konkire yolemera pafupifupi theka la tani, ndipo kuya kumeneku kumapitirira pamene chisanu cha ku England chimafika m'nthaka. Dothi la dongo limafufuma kukanyowa n'kunyala kukauma, choncho maziko osaya amapendekeka pakutha pa nyengo imodzi. Mazikowo asakhudzane ndi simenti kapena matabwa amene anthu amapondapo, kuti mapazi asatumize kunjenjemera ku telesikopu. Asanakumbe, munthu adziwe pamene padutsa mapaipi a madzi, a zonyansa ndi mawaya a magetsi, pakuti kuseri kwa nyumba zakale zogundana mapaipi a zonyansa nthawi zambiri amadutsa m'mabwalo a nyumba zingapo. Konkire imafika pa mphamvu yake yoyembekezeka pakatha masiku 28, ndipo woimikapo chitsulo cholemera pa sabata yoyamba akudzipweteka yekha. Pamwamba pa mzati pamakhala mbale ziwiri zachitsulo zolumikizidwa ndi mabawuti owongolera. Ambiri ku Britain amagwiritsa ntchito chimbale chakale cha mabuleki a galimoto, chifukwa n'cholemera, n'chosalala, ndipo chili kale ndi bowo pakati. Mabawuti owongolerawo akhale atatu, aafupi ndi onenepa. Mphika sugwedera pa mafuwa atatu ngakhale pansi pasalingane, pomwe phazi lachinayi nthawi zonse limasiya lina lili m'malere. Chomaliza ndi utoto woteteza dzimbiri, girizi pa paipi yamkati, ndi kabowo kotulutsa madzi kumunsi, chifukwa mvula ya kuno imalowa paliponse.

Pali chinthu chimodzi chimene otsutsa akunena zoona ndipo sichingathetsedwe kotheratu ndi mmisiri wa kunyumba. Mzati ukakwera n'kutsika, msana wa mutu uja sumabwerera ndendende pamene unaloza. Kanjira kosemedwa m'paipi yamkati, kolowamo nsonga ya bawuti, kamaletsa paipi kuzungulira, ndipo mabowo okhazikika amathandiza kuti msinkhu uliwonse uzibwerezedwa mofanana, komabe kulakwika pang'ono kumatsala. Kwa woonera ndi diso zimenezi zilibe kanthu, chifukwa pulaneti imakhalabe m'galasi kwa nthawi yaitali. Kwa wojambula milalang'amba yakutali, amene kamera yake imakhala yotsegula kwa mphindi zingapo pa chithunzi chimodzi, kulakwika kumeneku kumasandutsa nyenyezi timizere. Yankho lake ndi kulozetsa mutu mosamala mzati uli pansi penipeni, pamene uli wolimba koposa, n'kumajambulira pamenepo, ndipo kukwezako kukhale kwa masiku oonera ndi maso. Munthu amene cholinga chake ndi kujambula kokha, ali yekha, amange mzati wosasuntha ndipo sadzadandaula. Koma mabanja ambiri sali choncho, ndipo si nzeru kuwapatsa malangizo opangidwira munthu wina.

Chotsutsa china chimachokera kwa Amalawi anzathu amene akukumbukira usiku wa ku Dedza kapena ku Nyika, ndipo chimandikhudza kuposa cha mabawuti. Iwo amati kuvutikiranji, popeza thambo la pakati pa mzinda lawonongeka kale ndi magetsi. N'zoona kuti Mlalang'amba suoneka ku Spinney Hill, ndipo nyenyezi za Mtanda wa Kummwera sizituluka n'komwe ku England, kaya magetsi onse atazimitsidwa. Koma magetsi a m'misewu amabisa zinthu zozimirira, osati zowala. Mwezi ndi zigwa zake umaoneka bwino lomwe pakati pa mzinda monga umaonekera kumudzi. Miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter, imene Galileo anaiona mu 1610 ndi kagalasi kofooka kuposa telesikopu iliyonse ya m'sitolo lero, imasintha malo usiku ndi usiku. Nthanda imaonetsa kuti nayo imakula ndi kuchepa ngati mwezi. M'miyezi yozizira Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimakwera kummwera, zomwe zija za kwathu, kungoti kuno zimaoneka zitatembenuzika. Kholo limene lingaloze nyenyezi zimenezi n'kuzitchula m'Chichewa lapatsa mwana wobadwira ku Leicester chinthu chimene sadzachipeza kusukulu. Kwa mabanja a Chisilamu, amene ndi ambiri m'derali, palinso mwezi watsopano wa Ramadan ndi Eid, umene umaoneka chakumadzulo pansi kwambiri dzuwa likangolowa, pamalo enieni amene mpanda umatchinga. Kupita kumalo amdima kunja kwa mzinda n'kwabwino, koma kumafuna galimoto, mafuta ndi usiku wonse, zinthu zimene munthu wogwira ntchito ya mashifiti m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'fakitale sakhala nazo kawirikawiri. Bwalo la kuseri lili pomwepo usiku uliwonse.

Nanga wokhala m'nyumba ya lendi? Ameneyu asakumbe dzenje popanda chilolezo cha landilodi, ndipo izi n'zosakambirana. Koma njira zilipo. Ku Britain kuli mtundu wa mzati wotchedwa Todmorden, wopangidwa ndi mabuloko a konkire a mphako omangidwa pamodzi ndi mabawuti, umene ungathe kumasulidwa tsiku losamuka, ndipo msinkhu wake umasinthika powonjezera kapena kuchotsa buloko, ngakhale kuti zimenezo sizingachitike pakati pa usiku. Palinso telesikopu ya mtundu wa John Dobson wa ku San Francisco, imene imakhala m'bokosi la matabwa pansi ndipo sifuna mzati. Ndi yotchipa, ndi yokhazikika, ndipo kwa woyamba kumene ine ndingailimbikitse ndi mtima wonse, makamaka ikaphatikizidwa ndi mpando wosintha msinkhu. Vuto lake m'kabwalo kopapatiza ndi lomwe lija: imakhala pansi kwambiri, ndiye mpanda umaidyera thambo lalikulu. Mizati yokwera ndi magetsi yogula m'sitolo iliponso ndipo ndi yabwino, koma mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa telesikopu ya banja wamba, pomwe mapaipi awiri, jeke yakale ndi tsiku limodzi la wowotcherera zimakwanitsika.

Ena amati zonsezi ndi masewera a anthu okhuta, osayenera munthu amene mwezi ndi mwezi amatumiza ndalama kumudzi. Mbiri ya chigawo chino cha East Midlands imanena zina. Isaac Newton, wobadwira ku Woolsthorpe ku Lincolnshire, anapanga telesikopu yake ya kalilole mu 1668 ndi manja ake, kalilole wake kusungunula ndi kupera yekha. M'busa William Pearson, mmodzi wa amene anayambitsa mu 1820 bungwe limene lero ndi Royal Astronomical Society, anamanga nyumba yake yoonera nyenyezi m'mudzi wa South Kilworth kuno ku Leicestershire mu 1834. Chitsanzo chaposachedwa ndi Sherwood Observatory ku Sutton-in-Ashfield, imene inamangidwa ndi mamembala a kalabu ya anthu wamba okonda nyenyezi kuyambira 1972 mpaka kutsegulidwa mu 1986, pamodzi ndi telesikopu ya kalilole wa masentimita 61. Anthu amenewa anali ndi ntchito zawo masana. Ndipo Leicester si mzinda wamba pa nkhani ya zakuthambo: yunivesite yake yakhala ikufufuza za mlengalenga kuyambira 1960, ndipo National Space Centre inatsegulidwa mu 2001 m'mphepete mwa mtsinje wa Soar, mtunda waufupi kuchokera ku Spinney Hill. Ana athu amapitako ndi sukulu, amaona maroketi, amabwerako atasangalala, kenako zimathera pomwepo chifukwa pakhomo palibe chopitiriza. Ulendo wa tsiku limodzi umamuuza mwana kuti sayansi imapangidwa ndi ena m'nyumba zikuluzikulu. Mzati umene anathandiza kuyeza, kusakaniza simenti ndi kupaka utoto umamuphunzitsa madigiri, kulemera ndi kulimba kwa chitsulo ndi manja ake, ndipo Amalawi, amene amawotcherera mageti ndi kukonza njinga ndi zida zochepa, alibe chifukwa choonera ntchito imeneyi patali.

Nthawi yomangira thambo limaipereka lokha. Ku Leicester, kuyambira chapakati pa May mpaka chakumapeto kwa July, usiku sumada bii ngakhale pakati pa usiku, choncho palibe zambiri zimene munthu amataya akakhala pa ntchito ya dzenje ndi zitsulo. Konkire yothiridwa mu June imakhala itakhwima mu July, ndipo pofika September, usiku utayambanso kutalika, mzati umakhala wokonzeka. Musanagule paipi, khalani masiku angapo mukuyang'ana pamene mwezi umadutsa pamwamba pa mpanda wanu, ndipo onetsetsani kuti Polaris ikuoneka kuchokera pamalo amene mwasankha. Kenako itanani wamfupi koposa m'nyumba mwanu, kaya ndi mwana, kaya ndi agogo atakhala pampando, muyeze kutalika kwa diso lawo kuchokera pansi, ndipo msinkhu wotsikitsitsa wa mzati wanu uchokere pa muyeso umenewo.